Ayi, khoti silinaloleze ukwati wa amuna okhaokha

Uthenga uja wabweranso m'magulu a WhatsApp. Nthawi zina umakhala mawu ojambulidwa, nthawi zina chithunzi cha oweruza ovala mawigi, koma nkhani yake ndi imodzimodzi: akuti khoti lavomereza kuti amuna okhaokha kapena akazi okhaokha azikwatirana, ndipo m'busa wokana kudalitsa adzamangidwa. Kumapeto amalemba kuti "tumizani kwa ena msanga".

Ndi bodza. Mlandu umene unagamulidwa ku Blantyre pa 28 June 2024 sunali wa ukwati n'komwe. Odandaula ankatsutsa ndime 153, 154 ndi 156 za malamulo a milandu, zimene zimapereka chilango kwa amuna ogonana okhaokha, ndipo oweruza atatu anakana pempho lawo, nati kusintha malamulowo ndi ntchito ya Nyumba ya Malamulo. Lamulo la maukwati la 2015 likunenabe kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi.

Chimasokoneza ambiri ndi nkhani za kunja. Ku Botswana, khoti linachotsa chilango cha kugonana kwa amuna kapena akazi okhaokha mu 2019, koma kuchotsa chilango si kuloleza ukwati. Mu Africa muno, kumene ukwatiwu ndi wololedwa ndi ku South Africa, kuyambira 2006, ndipo ngakhale kumeneko mpingo sukakamizidwa kudalitsa.

Mukalandira uthenga wotere, funsani: khoti liti, dziko liti, tsiku lanji? Zigamulo zambiri zimaikidwa pa MalawiLII, tsamba la pa intaneti la malamulo ndi zigamulo za makhoti a ku Malawi, ndipo nkhani yaikulu chonchi singaphonye wailesi ndi nyuzipepala zonse. Maganizo anu pankhaniyi ndi anu, koma chonde uthenga wopanda tsiku ndi dzina la khoti uthere pafoni panu.