Mod ya mabatire awiri kuno ku Joni: zomwe anthu amafunsa kawirikawiri

Chitayireni ndudu n'kugula mod ya mabatire awiri (mod ndi kabokosi ka vape komwe mumakhala mabatire), anzanga akumudzi omwe timakumana Lamulungu ku Rosettenville amandifunsa zinthu zomwezomwezo. Wina za apolisi, wina za ndege, wina za mtengo wa juwisi, madzi omwe timathira mu vape. Koma lamulo lomwe lingakuotcheni ntchafu silinalembedwe ku Pretoria, ndi la batire lomwe lili m'thumba mwanumo, choncho tiyambire pamenepo.

Batire limodzi silikwana kodi?

Limakwana ngati mumakoka pang'onopang'ono pa mphamvu ya ma watt 15 kapena 20 (15W kapena 20W). Koma thanki (mbali yomwe mumakhala juwisi) yotulutsa nthunzi yochuluka imafuna 60W mpaka 90W, ndipo pamenepo batire limodzi limafika masana litatheratu. Awiri amagawana katunduyo, moti mlonda amene walowa ntchito madzulo amatha kuchezera nayo mpaka kucha. Ma mod ambiri amadya mabatire a 18650. Nambalayi ikungonena kukula kwake: mamilimita 18 kunenepa, 65 kutalika. Likadzadza limakhala pa 4.2V. Choipa chake n'chakuti mod yotere ndi yolemera, thumba la shati imalikoka mpaka kulisosola.

Kusitolo anandiuza kuti mabatire akhale "okwatirana". Ndiye kuti chiyani?

Ndiye kuti muwagule tsiku limodzi, kampani imodzi, mtundu umodzi, ndipo kuyambira tsikulo asasiyane. Alowe mu mod limodzi, atuluke limodzi, atchajidwe limodzi. Chifukwa chake n'chakuti mu ma mod ambiri mabatire awiriwa amalumikizidwa motsatizana, mphamvu imadutsa mwa lina n'kulowa mwa linzake. Mukaphatikiza lakale ndi latsopano zimakhala ngati mwamanga ng'ombe yokalamba ndi yanthete pa goli limodzi: yanthete ikukoka, yokalamba ikugwada. Lofookalo limatsika kupyola muyezo wake, limatentha, limawonongeka msanga, ndipo tsiku lina likhoza kuphulika.

Ine ndimawalemba ndi cholembera chosafufutika pa pulasitiki yake, A1 ndi A2, ena B1 ndi B2, ndipo ndikawabwezera ndimawasinthanitsa malo kuti asamatope mbali imodzi. Limodzi likafa, linzakelo ndi lamasiye basi. Osalipezera mnzake watsopano. Likagwire ntchito mu tochi kapena mu mod ya batire limodzi. Nanga mnzanu akabwera kuti "achimwene, ndibwerekeni limodzi langa latha"? Mubwerekeni onse awiri kapena mukanizeni, ngakhale aziti ndinu womana.

Ndidziwa bwanji kuti mabatire anga angapirire mphamvu yomwe ndatchera?

Pali kasamu kochepa. Tengani ma watt omwe mwatchera, gawani pawiri, zotsatirazo mugawe ndi 3.2, chifukwa apo m'pomwe batire limakhala litatsala pang'ono kutha ndipo limakokedwa kwambiri. Kenako onjezerani pang'ono chifukwa mod nayo imadyako mphamvu. Pa 80W, batire lililonse likunyamula 40W, zomwe zimafika pafupifupi ma amp 14 (14A). Samsung 25R amapirira 20A mosalekeza, ndiye ali ndi mpata. Samsung 30Q amasunga moto wambiri, 3000mAh, koma malire ake ndi 15A, kotero pa 80W ali kale m'mphepete. Tsono 200W yolembedwa pa bokosi ija imafuna pafupifupi 35A pa batire lililonse. Chiwerengero chimenecho n'chokopera ogula, si chosutira tsiku ndi tsiku.

Ndipo mukaona 18650 pa tebulo la mumsewu m'tauni italembedwa 9900mAh, pitirirani. Batire la kukula kumeneko silifika pamenepo. Enieni amathera cha m'ma 3500mAh, ndipo amenewo ndi a tochi, sapirira kukoka kwa vape.

Kapulasitiki kokuta batire kang'ambika pang'ono. Vuto lilipo?

Lilipo, lalikulu. Chitini chonse cha batire, kuyambira pansi mpaka m'khosi, ndi mbali ya negative. Positive ndi kachitsulo kapamwamba kokha, ndipo ziwirizi zatalikirana ndi mamilimita ochepa chabe. Chomwe chimazilekanitsa ndi pulasitikiyo ndi kamphete kopyapyala kapamwamba. Pakang'ambika, chitsulo chilichonse chikhoza kuzilumikiza.

Ndinazionera ndekha mu taxi yochokera ku Bree kupita ku Randburg. Mnyamata yemwe anakhala pambali panga anaika batire lopatula m'thumba la jinzi momwe munalinso makiyi ndi makobidi a chenje. Tisanafike patali anayamba kudzimenya pantchafu ngati walowedwa ndi linthumbu. Atalitulutsa linali losagwirika, pulasitiki itakwinyika pamwamba, kafungo kotsekemera koma konyansa katadzadza galimoto. Amayi ena kumbuyo anakuwa kuti aimike. Anachita mwayi, linangotentha osalilima moto. Kabokosi kapulasitiki kosungira mabatire awiri n'kotchipa kuposa mkate ndi mkaka, ndipo masitolo ambiri a vape amakutanso mabatire ong'ambika. Koma lomwe laphwanyika, kutupa kapena kuchita dzimbiri, osalikuta, lapuma ntchito limenelo.

Kutchaja ndi chingwe cha USB n'kolakwika?

Pa ulendo kapena pangozi mukhoza. Tsiku ndi tsiku gulani tchaja yapadera yomwe imatchaja batire lililonse palokha n'kukuonetsani momwe likudzadzira, ngati za Nitecore kapena Xtar. Pamenepo m'pomwe mudzazindikire msanga kuti limodzi layamba kutsalira. Osatchaja pa bedi, osatchaja mukugona, makamaka ife okhala m'chipinda chimodzi momwe bedi, chitofu ndi zovala zili pamodzi. Magetsi akathima zulani tchaja pakhoma, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi ukali.

Juwisi anakwereranji mtengo chonchi?

Msonkho. Kuyambira pa 1 June 2023, SARS, nthambi ya boma yotolera misonkho, inayamba kudula R2.90 pa mililita iliyonse ya juwisi, ndipo chiwerengerochi chakhala chikukwera pa bajeti za zaka zotsatira. Saona kuti muli chikonga chochuluka bwanji. Ngakhale wopanda chikonga n'komwe amalipira chimodzimodzi. Pa mtengo woyambirira uja, botolo la 60ml linasenza R174, la 100ml R290, VAT tisanaiwerengere.

Apa ndi pomwe ife a mabatire awiri zinatipweteka kuposa ena. Mod yamphamvu imamwa juwisi ngati basi yakale ikamamwa dizilo, pomwe wa kachipangizo kakang'ono botolo la 30ml limamufikitsa patali. Ine ndinatsika kuchoka pa 90W kufika pa 60W, ndipo botolo ndi koyilo (kawaya kotenthetsa juwisi) zonse zinayamba kukhalitsa. Chenjezo limodzi: osafuna kupulumutsa ndalama pothira juwisi wa nic salt, wa chikonga chochuluka cha 35mg kapena 50mg, mu thanki yamphamvu. Ameneyo anapangira tizipangizo ta mphamvu yochepa. Mu mod yotere anthu amathira wa 3mg, ena 6mg. Mukalakwitsa pamenepa mudzamva chizungulire, nseru ndi mtima kuthamanga.

Kodi lamulo limalola kusuta vape paliponse?

Lamulo la fodya lomwe lilipo, Tobacco Products Control Act la 1993, linalembedwa vape isanabwere, ndipo limakamba za zinthu za fodya, osati za vape. Kumapeto kwa 2022 boma linapereka ku Nyumba ya Malamulo bilu yofuna kuti vape iziyendera malamulo ofanana ndi a ndudu: osasuta m'nyumba zomwe mumasonkhana anthu, osatsatsa malonda, osayala poonekera m'sitolo, osagulitsa kwa osakwana zaka 18.

Koma musatengerepo mwayi. Mwini malo ali ndi ufulu woika lamulo lake, kaya ndi mall, lesitilanti kapena abwana anu kuntchito. Pa Gautrain saloleza ngakhale chingamu, ndiye mtambo wanu wonunkhira mango auona bwanji? Ndiponso ife ndife alendo m'dziko la eni. Kukangana ndi mlonda chifukwa cha nthunzi, mapeto ake akufunsani mapepala.

Ndikupita kumudzi. Ndiinyamule bwanji?

Pa ndege, kaya mukutera ku Kamuzu kapena ku Chileka, lamulo la ndege ndi limodzi: mod ndi mabatire zikhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi yopita pansi. Moto wa batire ukabuka m'kati, ogwira ntchito mu ndege amauona n'kuuzimitsa, pomwe pansi palibe wouona. Mabatire opatula akhale m'kabokosi kawo, mod ikhale yozimitsa, ndipo kusuta kapena kutchaja mu ndege n'koletsedwa. Juwisi wa m'manja asapyole 100ml pa botolo. Thanki ikhuthuleni musanakwere ku OR Tambo, apo ayi ikachucha m'mwamba, pasipoti n'kumanunkha sitiroberi.

Pa basi palibe wokusechani za mabatire, koma nzeru yake ndi yomweyo. Katundu wa mu ngolo ya kumbuyo amapsa ndi dzuwa pa mzere wa pa Beitbridge, n'kukapsanso ku Tete, ndipo batire ndi kutentha siziyanjana. Akhale nanu pampando. Tengani makoyilo okwanira masiku onse, chifukwa kumudzi mukawasowa mudzapezeka mwagula ndudu pa okala.

Mng'ono wanga sasuta, koma akuisirira. Ndimugulire?

Ayi. Ine vape inandichotsa pa paketi ya ndudu patsiku, koma chibaba sichinathe, chinangosintha nyumba. Chikonga ndi chomwecho, ndipo nthunziyo si mpweya wabwino. Amene sanayambe asayambe.

Mabatire akatha ntchito ndiwataye kuti?

Osati mu bini ya Pikitup. Galimoto ya zinyalala imapanikiza katundu, ndipo batire likaphwanyika mmenemo limayatsa moto. Matani tepi kumutu ndi kumunsi kwa lililonse, muwasunge m'kabotolo kouma, ndipo mukapita kogula zinthu mukawaponye m'mabokosi olandirira mabatire akale omwe amakhala pakhomo pa masitolo ena akuluakulu. Masitolo ena a vape nawonso amalandira. Mudzadziwa kuti nthawi yakwana mukaona kuti awiri omwe ankakufikitsani madzulo ayamba kuthera pa nkhomaliro, kapena akutuluka mu mod ali ofunda pa mphamvu yomwe kale sinkawavuta. Apumitseni onse awiri tsiku limodzi, monga munawagulira.