Mtedza ukachita chikasu, zulani phata muone mizu

Mvula ikangogwa yamphamvu kuno kuchigwa, funso limakhala lomwelo: "Alangizi, mtedza wanga wachita chikasu, ndithire feteleza wanji?" Funso limeneli landitopetsa. Musanatchule feteleza, zulani phata limodzi muone mizu.

Muzu umapuma. M'maselo, tizipinda ting'onoting'ono topanga muzuwo, a kunsonga kwake muli tizigawo totchedwa mitochondria, timene timatentha shuga wochokera kumasamba pogwiritsa ntchito mpweya wa okosijeni. Mphamvu yoboolera nthaka ndi kuyamwa chakudya imachokera pamenepo. Madzi akadikha pa makande, mpweya umatha m'nthaka, tizigawoti timalephera ntchito, ndipo muzu umasiya kuyamwa ngakhale chakudya chili pomwepo. Finyani timatuza ta pamizu. Tikakhala tofiira mkati, tikupatsabe mbewu nayitirojeni, chakudya chobiriwitsa masamba. Tikatuwa, ntchito yaima.

Kuzama kwa muzu waukulu ndi kuchuluka kwa timizu tam'mbali, maziko ake ali m'majini a mbewuyo, ndiwo malangizo a chibadwa amene imatengera kwa makolo ake.  Nthaka ndi madzi zimangolola kapena kutsekereza zimene mbewu inabadwa nazo. Ndiye wina akakuuzani pamsika kuti kabotolo kake "kamatalikitsa mizu", mufunseni kuti kalowa bwanji m'majini. Sankhani mbewu yocha msanga yoyenera malo otentha ngati athu, monga Malimba, Kakoma kapena Baka.

Mayi wina wa kutsidya kwa Shire sandichoka m'mutu. Namondwe wa Freddy atadutsa mu Marichi 2023, munda wawo sunakokoloke, madzi anangodikha m'makwalala. Khasu ndi ngalande imodzi zikanapulumutsa mbali yaikulu. Iwo anagulitsa nkhuku zawo n'kugula kabotolo kopanda ndi dzina lomwe, n'kumapopera masamba masabata awiri. Mmene ankandiitana n'kuti muzu waukulu utada bii, ukununkha, khungu lake likusupuka ndi chala. Anandifunsa ngati apoperenso. Ndinasowa poyambira.

Madzi akagona m'munda tsiku limodzi, mawa lake m'mamawa tsegulani ngalande, musadikire kuti masamba akuuzeni, chifukwa chikasu chimaoneka mizu itavulala kale. Ndipo pa makande musadzale mtedza pansi posalala. Ungani mizere yaitali.