Wotchi yodula nayonso imakalamba, ndipo ikayamba kudwala musaizengereze

Pali mawu amodzi amene ndatopa nawo pa tebulo langa lokonzera mafoni ndi mawotchi. Munthu amavula wotchi yake yothamangira, n'kuiika patsogolo panga, kenako n'kunena kuti: "Koma achimwene, iyi ndi yodula, singawonongeke chonchi." Ndimawamva pafupifupi sabata iliyonse. Amene amawanena si anthu opusa ayi. Ambiri ndi anthu osamala, oti anasunga ndalama miyezi yambiri kapena anachita kupempha m'bale wa ku Joni kapena ku Britain kuti awagulire. Koma maganizo amenewa ndi omwe amapha mawotchi ambiri kuposa mwala kapena madzi, chifukwa amachititsa munthu kunyalanyaza zizindikiro zoti pa foni wamba akanathamanga nazo tsiku lomwelo.

Zoona, mitengo yake ndi yoopsa. Apple Watch Ultra itatuluka mu 2022 inkagulitsidwa madola 799. Garmin Fenix 8 ya mu 2024 inayambira pa madola pafupifupi 1,000. Ndalama imeneyi imagula zambiri: chitsulo cha titanium, galasi la sapphire, mapu, GPS yolondola kwambiri. Koma mkati mwake muli kakompyuta kakang'ono ndi kabatire, zotsekeredwa ndi guluu ndi timphira topyapyala ngati ulusi. Timphira ndi batire zimakalamba mofanana, kaya mwalipira zingati.

Tiyambe ndi madzi, popeza ndi pamene anthu amandikwiyira kwambiri. Kumbuyo kwa wotchi kumalembedwa 5 ATM kapena 10 ATM, ndipo munthu amawerenga kuti mamita 50 kapena 100, n'kumati ndiye kuti madzi alibe nayo mphamvu mpaka kalekale. Nambala imeneyo inayesedwa pa wotchi yatsopano, m'madzi oyera osatakataka. Sinayesedwe pa wotchi yoti yatha zaka 2 ikumwa thukuta, ikupsa ndi dzuwa, ikugundidwa pa chitseko cha minibasi. Kampani ya Apple imanena yokha kuti kusalowa madzi si chinthu chokhalitsa, kumachepa ndi nthawi. Chimene chimadya timphira si nyanja kwenikweni. Ndi sopo, madzi otentha, nthunzi, mafuta odzola ndi mankhwala othamangitsa udzudzu. Munthu amene amasambira nayo pa nyanja kamodzi pa chaka n'kuitsukuluza ndi madzi oyera amaisamala kuposa amene amasamba nayo ndi sopo m'mawa uliwonse. Ndipo mabatani musawadine muli m'madzi pokhapokha buku la wotchiyo litanena kuti n'zololedwa.

Mukaona kachifunga pansi pa galasi koti sikakuchoka, madzi alowa kale. Apa ndiye pamabwera nkhani ya mpunga. Sindidziwa ndinene kangati: mpunga sutulutsa madzi mu chinthu chomatidwa ndi guluu. Masiku atatu amene wotchi yagona m'mbale ya mpunga ndi masiku atatu amene dzimbiri lakhala likudya mkati. Choyipitsitsa ndi kuitchaja "kuti tione ngati iyake". Magetsi akadutsa pa malo onyowa, zimene zikanapulumuka zimapseratu.

Za galasi sindichedwapo. Sapphire savuta kukalika, n'zoona, amangoposedwa ndi miyala yochepa monga dayamondi. Koma kusakalika ndi kusasweka ndi zinthu ziwiri. Mukagwa n'kuimenyetsa pa nsonga ya mwala, imatha kung'aluka.

Nkhani imene imandisowetsa tulo ndi ya batire. Mabatire a lithium-ion amatha mphamvu pang'onopang'ono. Apple imati batire la wotchi yake linapangidwa kuti lisunge 80 peresenti ya mphamvu zake likatchajidwa mokwanira maulendo 1,000. Wotchaja tsiku lililonse amafika pamenepo zaka 3 zisanakwane. Kutha mphamvu kotere ndi ukalamba chabe, sikoopsa. Choopsa ndi batire lotupa kapena lotentha.

Zaka zingapo zapitazo kunabwera bambo wina, mphunzitsi, wothamanga wakhama. Ankakonzekera mpikisano wa Porters Race wa pa phiri la Mulanje. Wotchi anawatumizira ndi mchemwali wawo wa kunja, ndipo inali itatha miyezi 11. Anati batire likutha msanga, komanso wotchiyo ikufunda pang'ono akamaitchaja. Nditaitembenuza ndinaona kuti chivundikiro chakumbuyo chanyamuka mbali imodzi, pang'ono kwambiri, poti chikhadabo chokha ndi chimene chikanalowa. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti batire latupa ndipo likukankha kuchokera mkati.

Ndinawauza kuti: "Bambo, iyi muisiye kaye kuvala. Muwauze achemwali anu afufuze lisiti, waranti isanathe." Iwo anaseka pang'ono, nati: "Achimwene, kwatsala masabata 5 okha. Ndithamange kaye, ndikatsika phiri tidzaiona." Ine ndinangoti chabwino, koma musamale. Anaimanga pa mkono n'kutuluka.

Anabweranso patatha miyezi iwiri, dzanja lili ndi bandeji. Chivundikiro chitapitiriza kunyamuka, mnzawo anawalozera mnyamata wina wa pa msika amene anaipanikiza ndi chopanira n'kuimata ndi supa guluu. Inaoneka ngati yatsopano. Koma batire lotupa ndi kathumba kodzaza mpweya, ndipo kulipanikiza n'kuliputa. Usiku wina ali mtulo, wotchi ili pa mkono chifukwa ankafuna iziwawerengera maola ogona, inatentha mpaka kuwawotcha. Anadzuka ndi ululu, akulimbana ndi lamba mumdima. Chilonda chinapola, koma chipsera chozungulira ngati ndalama yachitsulo chinatsala. Waranti inali itatha, komanso ngakhale ikanakhala kuti ilipo, wotchi yomatidwa ndi munthu wina palibe kampani ikanailandira.

Mnyamata wa pa msikayo analakwa, koma amene ndimamuganizira kwambiri ndi ine. Ndinaona vutolo bwinobwino, ndipo ndinalankhula ngati ndikupereka maganizo oti munthu angatenge kapena kusiya. Sindinatchule mawu oti moto. Ndinawachitira ulemu bambo aja mpaka kulephera kuwaopseza pamene pankafunika kuwaopseza. Kuchokera tsiku limenelo, wobwera ndi batire lotupa ndimamuuza mosapita m'mbali kuti chinthuchi chingakuwotcheni, ndipo ndimamulembera papepala.

Wina asaganize kuti izi zimachitika pa mawotchi achinyengo okha. Mu March 2022 kampani ya Fitbit, yomwe panthawiyo inali kale m'manja mwa Google, inaitanitsa mawotchi a Ionic pafupifupi 1.7 miliyoni chifukwa mabatire ankatentha ndipo anthu ena anapsa. Mu January 2025 bungwe la boma la America loona za chitetezo cha katundu linalipiritsa Fitbit madola 12.25 miliyoni chifukwa chochedwa kunena za vutolo. Ngati kampani yaikulu inalangidwa chifukwa chozengereza, inuyo amene chinthucho chagunda khungu lanu usana ndi usiku mukudikira chiyani? Wotchi ikatupa, ikamatentha kwambiri, kapena ikamatulutsa kafungo kachilendo, ivuleni, musaitchajenso, muiike pa simenti kapena mu chitini chosatseka kutali ndi makatani ndi matiresi. Musaiboole, musaiponye pa moto wa zinyalala.

Ndisanachoke pa amisiri ongophunzirira pa katundu wa anthu, pali kabowo kakang'ono m'mbali kapena kumbuyo kwa mawotchi ambiri othamangira. Kumeneko kuli kachipangizo koyeza mphamvu ya mpweya, komwe kamathandiza wotchi kudziwa kuti mwakwera mamita angati. Thukuta ndi fumbi zikatseka kabowoko, wotchi imayamba kunama, n'kumati mwakwera phiri muli pa msewu wosalala. Ndalandirapo mawotchi angapo oti wina analowetsamo singano kuti "atsegule". Singano imaboola kachipangizoko, ndipo madzi amapeza njira. Mankhwala ake ndi kutsukuluza ndi madzi oyera basi. Chimodzimodzi timano totchajira: tikachita dzimbiri ndi thukuta, si kutipala ndi lezala ayi. Kansalu kofewa ndi sipiriti pang'ono, n'kudikira kuti paume. Wina aliyense wofuna kutsegula wotchi yanu mumufunse funso limodzi: mukaitseka, muyesa bwanji kuti madzi sakulowa? Akayamba kuzungulira, tengani wotchi yanu muzipita.

Tsopano mbali ya mapulogalamu, ndipo pano ndili kumbali ya ogula. Dandaulo lawo ndi lomveka. Wotchi ya mivi ya agogo athu inkagwira ntchito yokha. Wotchi yamakono imadalira makompyuta a kampani omwe ali kutsidya la nyanja, ndipo kumeneko kukalakwika, vuto limafika pa mkono panu popanda inu kukhudza kanthu. Mu July 2020 akuba a pa intaneti anatseka makompyuta a Garmin, ndipo kwa masiku angapo anthu padziko lonse sankatha kutumiza zimene athamanga ku Garmin Connect, pulogalamu ya kampaniyi yosunga zimene wotchi yawerengera. Kumapeto kwa January 2025, mawotchi ambiri a kampani yomweyi anayamba kumangozima ndi kuyaka, n'kumaonetsa kachizindikiro kabuluu ka makona atatu, makamaka munthu akayamba masewera ofuna GPS. Vuto linali fayilo yolakwika yothandiza wotchi kupeza masetilaiti msanga, imene inatumizidwa ku mawotchiwo. Ena anachita kufufuta zonse n'kuyambiranso kuti wotchi idzuke. Patangotha miyezi iwiri, mu March, kampaniyi inayambitsa Connect+, mbali ya pulogalamu ija yolipira madola pafupifupi 7 pa mwezi, ndipo anthu oti analipira kale ndalama zambiri anakwiya poopa kuti zinthu zatsopano zizibisidwa kuseri kwa malipiro. Ndikuwamvetsa. Ndipo amene anali ndi mawotchi a Pebble akukumbuka kuti kampaniyo itagulitsidwa kwa Fitbit mu 2016, makompyuta ake anadzatsekedwa mu 2018, mawotchi akadali abwinobwino pa mikono ya anthu.

Koma kukwiya kusakuchititseni kuwononga chinthu chimene sichinawonongeke. Vuto la pulogalamu silikonzedwa ndi sikuludiraiva. Wotchi ikayamba misala mwadzidzidzi, isanagwe kapena kunyowa, yambani mwafufuza ngati anthu ena a mtundu womwewo akudandaula tsiku lomwelo. Ngati ndi ambiri, vuto lili kwa kampani ndipo kawirikawiri limakonzedwa m'masiku ochepa. Ndaonapo wotchi yotsegulidwa ndi kusinthidwa batire chifukwa cha vuto loti likanatha lokha ndi update yotsatira, kutanthauza pulogalamu yokonzedwanso imene kampani imatumiza ku wotchi. Mwini wake analipira ndalama kuti wotchi yake ileke kukhala yosalowa madzi. Samalaninso ndi oti "tiifulasha", kutanthauza kuikamo pulogalamu ina, ndi mafayilo otengedwa pena paliponse.

Pa update pomwepo, malangizo anga ndi awiri okha. Musaiike kutatsala masiku ochepa kuti muthamange mpikisano umene mwaukonzekera miyezi; dikirani sabata imodzi kapena awiri muone ena akuti bwanji. Ndipo batire likamatha msanga update itangolowa, ipatseni masiku awiri kapena atatu, muizimitse n'kuiyatsanso, musanagamule kuti yafa. Likapitiriza kutha msanga kupitirira pamenepo, kapena wotchi ikamafunda, imeneyo si nkhani ya pulogalamu.

Chimene chimatipweteka kwambiri kuno n'chakuti mawotchi ambiri sanagulidwe kuno. Waranti ya makampani ambiri ndi ya chaka chimodzi, imawerengedwa kuyambira tsiku limene inagulidwa, osati tsiku limene inakufikani m'chikwama cha m'bale wanu. Imafuna lisiti, ndipo nthawi zambiri imayendetsedwa m'dziko limene wotchi inagulidwa. Makampani ambiri sakonzanso wotchi imodziimodzi. Amangokupatsani ina yokonzedwa kale, ndipo waranti ikatha mumalipira ndalama yochuluka. Choncho wokutumizirani wotchi akutumizireninso chithunzi cha lisiti tsiku lomwelo. Wogula yogwiritsidwa kale ntchito adziwe kuti akugula batire ndi timphira ta zaka zosadziwika, ndipo aonetsetse kuti mwini wake wakale waichotsa pa akaunti yake, chifukwa Apple Watch yokiyidwa pa akaunti ya wina ndi chibangili chabe.

Tsiku limene mwaona vuto, jambulani wotchiyo mbali zonse ndi nambala yake yakumbuyo, lembani kwa amene anagulitsa kapena kwa kampani, ndipo sungani yankho lawo. Ngakhale wotchiyo itatenga mwezi kuti ipeze munthu wopita nayo ku Johannesburg kapena ku London, kalata yokhala ndi deti loti waranti inali isanathe ndi imene mudzagwire nayo polankhula nawo. Bambo aja anali ndi mwezi wathunthu woti alembe kalata imeneyo.