Kodi Magetsi a Mphepo ndi Dzuwa Ndiwo Amazimitsa Dziko?

Kwa nthawi yaitali anthu akhala akunena kuti magetsi a mphepo ndi dzuwa akachuluka, magetsi a dziko sangakhazikike, ndipo amaloza ku South Australia, chigawo china cha dziko la Australia, kumene dera lonse linada bii pa 28 September 2016. Nkhawayi ili ndi maziko ake. Majenereta akuluakulu amazungulira mogwirizana kuti magetsi azisinthasintha ka 50 pa sekondi, ndipo kulemera kwa zitsulo zake kumachedwetsa kusokonekera pakachitika ngozi, pomwe masola, amene amalumikizidwa kudzera mu inverter (chipangizo chosintha magetsi a sola kuti agwirizane ndi a m'mawaya a dziko), alibe kulemera kotero.

Komabe tsikulo chimphepo chinagwetsa nsanja zonyamula mawaya, ndipo makina ambiri a mphepo anadzizimitsa chifukwa chitetezo chake chinatcheredwa kuti chiwadule magetsi akagwedezeka kangapo motsatizana. Zitatero, mzere wa magetsi wa Heywood wochokera ku chigawo choyandikana cha Victoria unalemedwa n'kuzima. Chimene chimandikhudza n'chakuti vutoli linali lotheka kulikonza, ndipo linakonzedwadi. Katcheredwe ka makinawo kanasinthidwa, mu 2017 anaika batire ya Hornsdale ya mamegawati 100 yomwe imayankha sekondi isanathe, ndipo mu 2021 anawonjezera makina anayi ozungulira, osatentha malasha kapena gasi, kuti abwezeretse kulemera kuja.