Chakudya cha m'paketi cha achule oweta: muli zotani, nanga n'chodalirika?

Achule ambiri sadya chinthu chimene sichikuyenda. Chule wa mumtengo kapena wa pamtunda amasaka ndi maso, moti akhoza kuwonda ndi njala timibulu ta chakudya cha m'paketi tili pafupi naye m'mbale. Amene amalandira chakudya chokonzeratu mosavuta ndi okhala m'madzi moyo wawo wonse, monga Xenopus laevis ndi tiachule ta mtundu wa Hymenochirus. Awa alibe lilime, ndipo Xenopus amalondola chakudya ndi fungo n'kuchikankhira m'kamwa ndi miyendo yakutsogolo. Ceratophrys, chule wa pamtunda wa chikamwa chachikulu, amatha kuzolowera chakudya chaufa chokanda ndi madzi, bola muzimugwedezera pa kopanira.

Mukagwira paketi, tembenuzani muwerenge kumbuyo. Kawirikawiri zosakaniza zimalembedwa kuyambira chochuluka kwambiri. Chule wamkulu amadya zanyama zokhazokha, choncho pamwamba payenera kukhala ufa wa nsomba, wa tinkhanu ta m'nyanja, wa nyongolotsi kapena wa tizilombo touluka ndi tokwawa. Timibulu tabwino timakhala ndi mapuloteni pafupifupi magawo 40 mpaka 50 pa 100 alionse. Tirigu ndi soya amaikidwamo kuti timibulu tigwirane, ndipo pang'ono salakwika, koma akatsogola pa mndandanda ine paketiyo ndimaibwezera pa shelefu.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kashiamu ndi vitamini A. Kashiamu ayenera kuposa fosifolasi, mwina gawo limodzi ndi theka kapena awiri pa gawo limodzi la fosifolasi, ndipo pafunikenso vitamini D3 kuti thupi limuyamwe. Zikasowa, thupi limayamba kutapa kashiamu m'mafupa. Nsagwada imafewa, miyendo imapindika, chule amanjenjemera, ndipo fupa limatha kuthyoka popanda chomugunda. Zomvetsa chisoni n'zakuti mwini amazindikira mochedwa, ndipo fupa lopindika silibwereranso mwakale.

Vitamini A naye akachepa, timaselo totulutsa mamina pa lilime timauma. Chule amaponya lilime, kufikira ndithu pa chiwala, koma chiwalacho osamatirira. Yang'anani paketi yolembedwa retinol kapena retinyl, amene ndi vitamini A weniweni, chifukwa beta-carotene yekha, amene thupi limayenera kumusandutsa vitamini A, si wodalirika kwa achule. Komanso musathire mavitamini owonjezera mwachisawawa pa chakudya chimene chili nawo kale: A ndi D3 amasungika m'thupi, ndipo akachuluka amawononga chiwindi ndi impso.

Chakudya choumitsa, monga nyongolotsi zofiira zouma, chimafufuma chikamwa madzi. Chivikeni kaye chisanalowe m'mimba mwa kachule kakang'ono. Nsomba zina zosaphika, monga goldfish, zili ndi thiaminase amene amaphwanya vitamini B1, ndipo kudyetsa chule mbewa pafupipafupi kumadzetsa mafuta amene amachita ng'ala m'maso.

Kasungidwe nakonso n'kofunika. Paketi ikatsegulidwa mavitamini amayamba kutha mphamvu, n'chifukwa chake ndimalangiza kugula yaing'ono yoti ithe pasanathe miyezi 6. Itsekeni bwino, pamalo ouma ndi ozizira. Ikachita chuku kapena kununkha mafuta owola, itayeni yonse.

Zotsala m'thanki yowetera achule zichotseni pakatha mphindi 15 kapena 20. Zikaola zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni, ndipo khungu la chule limayamwa chilichonse chili m'madzi. Ngakhale timibulu titakhala tabwino chotani, muzisinthanitsa ndi nyongolotsi zamoyo zochokera poti sipanathiridwe mankhwala.

Mukamaliza kudyetsa, sambani m'manja ndi sopo, ndipo madzi a m'thanki asatayidwe potsukira mbale. Achule ooneka athanzi amatha kunyamula Salmonella, tizilombo todwalitsa anthu m'mimba. Ku United States, pakati pa 2008 ndi 2011, anthu oposa 200 anadwala chifukwa cha tiachule ta m'madzi toweta, ambiri mwa iwo ana aang'ono. Mwana wosakwana zaka 5 asamadyetse chule kapena kugwira madzi ake.