Opaleshoni yobwezeretsa nsagwada: mavuto amene angabwere pambuyo pake

Chotupa chikadya fupa la nsagwada, kapena ngozi ya pamsewu ikaliphwanya, madokotala amachotsa mbali yowonongekayo n'kuikapo fupa lina lochokera m'thupi la wodwala yemweyo. Kawirikawiri amatenga fupa laling'ono la kunja kwa mwendo, kumunsi kwa bondo, lotchedwa fibula. Nthawi zina amatenga la m'chiuno kapena nthiti. Amalimanga ndi kachitsulo ka titanium. Fupa la mwendolo amalitengera limodzi ndi mitsempha yake ya magazi, mwinanso ndi khungu, n'kulumikiza mitsemphayo ku ya m'khosi. Ambiri amachira bwino, koma inu odwala ndi odwazika matenda muyenera kudziwa pamene pabisala ngozi.

Masiku 3 oyambirira ndiwo oopsa kwambiri. Magazi akaundana mumtsempha wolumikizidwawo, fupa ndi khungu latsopanolo zimayamba kufa. Khungu likatuwa n'kuzizira, kapena likada n'kutupa, itanani anamwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Musaope kuti muwasokoneza: madokotala akadziwa msanga angathe kubwerera ku opaleshoni n'kutsegula mtsemphawo, koma pakapita maola ambiri sizithekanso. Wodwala asagonere mbali yochitidwayo, asapotoze khosi, ndipo musamumange mpango wothina.

Nkhawa yathu yaikulu ili pa nthawi imene mwabwerera kumudzi. Kuchokera ku Chipata kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 500, ndipo munthu wa ku Chadiza, Vubwi kapena Lundazi akaganiza za ndalama ya basi amangoti tione kaye mawa. Chonde musadikire. Thupi likatentha, bala likafiira, likanunkha kapena kutulutsa mafinya, pitani tsiku lomwelo kuchipatala chapafupi, adzakutumizani ku Chipata Central Hospital kapena ku St Francis ku Katete ngati pafunika kutero. Chitaninso chimodzimodzi mukaona malovu kapena phala likudontha pabala la pakhosi, chifukwa ndiye kuti pabooka kuchokera m'kamwa. Kachitsulo kaja nako kangayambe kuonekera m'kamwa kapena pakhungu, ngakhale patapita miyezi, ndipo kangathyoke. Mukamva kuti nsagwada ikugwedera, kapena mano sakukumananso monga kale, kaonaneni ndi dokotala. Kutuluka magazi ambiri ndi kubanika popuma sizidikira kuti kuche. Pabalapo musapakepo zitsamba kapena kutemapo mphini.

Fupa limatenga masabata 6 mpaka miyezi 3 kuti ligwirane. Poyamba ambiri amadyera m'kapaipi kolowera m'mphuno. Akakulolani kudya ndi pakamwa, yambani ndi phala lothira nsinjiro, mkaka, mazira ndi nyemba zosisita. Nzimbe, chimanga chokazinga ndi mtedza wokazinga zidikire mpaka adokotala atavomereza. Mlomo wam'munsi umachita dzanzi chifukwa mtsempha wake womvera kukhudza umadutsa m'kati mwa fupa lochotsedwalo, ndipo kwa ena dzanzilo silitha. Motero phala lotentha lingamuwotche munthu iye osamva. Odwazika, dontheserani kaye phalalo padzanja panu musanamupatse. Tsukani m'kamwa mukatha kudya, monga anakuphunzitsirani kuchipatala.

Ambiri amaopa kuti sadzayendanso. Fupa lalikulu la mwendo ndilo limasenza thupi, choncho mudzayenda. Chala chachikulu cha kuphazi chingaume, akakolo angatupe, ndipo bala la pamwendo lingachedwe kupola, koma zolimbitsa thupi zimene anakusonyezani zimathandiza.

Fodya, wosuta ndi wofwenkha yemwe, amachepetsa mitsempha ya magazi ndipo amachedwetsa bala kupola. Musiyiretu, pamodzi ndi kachasu. Amene ali ndi matenda a shuga kapena amamwa ma ARV asadumphitse mankhwala.

Ngati munawotchedwa ndi makina a khansa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, uzani dokotala wa mano asanakuzuleni dzino lililonse, chifukwa fupa lowotchedwa limavuta kupola ndipo lingawole. Zotupa zina, monga ameloblastoma, zimatha kubwereranso patapita zaka, n'chifukwa chake tsiku lokakuonani silofunika kuliphonya ngakhale mukumva bwino. Popita nyamulani makadi ndi zithunzi zonse za X-ray.