Dengu la Loweruka: mukalipiriratu mlimi, mwagula chiyani kwenikweni?

Loweruka lapitali ndinali ku Matawale mu Zomba komwe mabanja ena amakatengera masamba awo a pa sabata, madengu atandalikidwa pansi pa mtengo wa mango, lililonse ndi kapepala ka dzina komangidwa ndi luzi. Mayi wina atavundukula lake anangoti "aaa nkhwani kachitatunso? Nanga tomato ali kuti alangizi?" Poti ine ndi amene ndinathandiza alimi aja a m'mbali mwa mtsinje wa Likangala kuyambitsa zimenezi, funso linagwera ine basi. Ndinawayankha pompo koma ndaona kuti ndilembe, chifukwa si mayi aja okha amene akudabwa.

Dongosolo lake ndi ili. Mabanja angapo amagwirizana ndi mlimi mmodzi kapena kalabu ya alimi, amalipiriratu ya mwezi kapena ya nyengo yonse, ambiri pa Airtel Money kapena Mpamba, ndiye sabata iliyonse amakatenga gawo lawo la zomwe zakhwima ku dimba. Azungu amati CSA, Community Supported Agriculture, kutanthauza ulimi wothandizidwa ndi anthu a m'dera. Sizinayambe lero ayi, ku Japan amayi anayamba kugwirizana chonchi ndi alimi m'zaka za m'ma 1970, kumeneko amati teikei, ndipo ku America zinafika mu 1986 pa mafamu awiri, Indian Line Farm ku Massachusetts ndi Temple-Wilton ku New Hampshire.

Tsono apa ndi pomwe anthu amasokonezeka. Ku msika waukulu wa Zomba kapena ku Thondwe mumagula mulu wa tomato, mwauona, mwanenerera, mwapempha ndi basera yomwe. Kuno simunagule mulu, mwagula gawo la zokolola zomwe sizinakhwime n'komwe, ndiye dimba likachita bwino dengu limasefukira mpaka mumagawirako aneba, likavuta inunso mumamva kuwawa kwake limodzi ndi mlimiyo. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy atadutsa, madimba ambiri a m'mbali mwa mitsinje anakokoloka, ndipo mlimi amene amagulitsa yekha anagwa yekha. Ukakhala ndi mabanja makumi awiri kumbuyo kwako kugwa kwake kumasiyana.

Mlimi ndalama imamuvuta nthawi yofesa nazale, osati yokolola. Mbewu, manyowa, aganyu opanga mabedi, mafuta a pampu kapena kukonzetsa thiredo pampu yomwe yatha malabala, zonsezi zimafuna kashi masabata ambiri asanathyole tsamba ngakhale limodzi. Akasowa amapita ku katapila. Kenako repu akakhwima aliyense wakhwimitsanso repu, mavenda amabwera ku dimba mbandakucha n'kunena okha mtengo, ndipo mlimi sangakane chifukwa masamba sadikira, pofika masana afota. Kulipiriratu kuja kumadula zonsezi, iye amadziwa kuti akulimira mabanja angati ndipo amafesa pang'onopang'ono milungu iwiri iliyonse m'malo mothira mbewu yonse kamodzi.

Nanga tomato wa mayi aja? Ino ndi Febuluwale anthuni. Mvula ndi chinyezi zimabweretsa chiwawu, masamba a tomato amada n'kuuma ngati awauka ndi moto, kuonjezera apo kuli kambozi kaja ka Tuta absoluta komwe kamalowa mkati mwa tsamba ndi chipatso. Tomato wa dzinja amene mumamuona wosalala pa msika nthawi zambiri wapoperedwa mankhwala kangapo. Sindikunena kuti kupopera ndi tchimo, ine ndemwe ndimaphunzitsa kapoperedwe, koma botolo lililonse limalemba masiku oyenera kudikira usanathyole ndipo si onse amadikira. Ubwino wa dengu lanu ndi woti mlimi mumamudziwa, mutha kumufunsa maso ndi maso kuti wapopera liti komanso chiyani. Mufunseni ndithu, wabwino sakwiya nazo.

Ndiye dzinja yembekezerani nkhwani, bonongwe, chisoso, therere, khwanya ndi chimanga chachiwisi. Kukayamba kuzizira, Meyi mpaka Ogasiti, ndi pomwe kabichi, mpiru, tchayinizi, karoti ndi nsawawa zimakondwa, tomato naye amabwera wambiri mvula ikatha mpaka mudzatopa naye. Okutobala madzi akachepa dengu limapepukako. Ine ndimaona kuti bonongwe timangomuderera chifukwa amamera yekha kuseri kwa khola, koma pa ayironi ndi vitamini A kabichi samufika olo pang'ono, mutendere ndi nsinjiro muone ngati ana asiye.

Za katengedwe. Fikani m'mawa, tsamba likathyoledwa limapitirizabe kupuma ndi kutaya madzi, ndiye dengu lokhala padzuwa mpaka 12 koloko si lomwe mlimi anathyola 5 koloko. Ngati simukwanitsa tumani wa kabaza kapena nenani pa gulu la WhatsApp Lachisanu kuti gawo lanu apatse wina, kungokhala chete kumapweteka. Bwerani ndi dengu lanu kapena chitenje, mu jumbo masamba amachita thukuta n'kuyamba kuola.

Mukafika kunyumba musatsuke zonse nthawi imodzi, tsukani zomwe muphike basi. Zotsalazo kulungani mu kansalu konyowa pang'ono muike pamalo pozizira, kaya pafupi ndi mtsuko, izi zimathandiza ngakhale magetsi atathima tsiku lonse. Tomato wakupsa ndi nthochi musaziphatikize ndi masamba, zimatulutsa mpweya wina wotchedwa ethylene umene umachititsa masamba kusanduka achikasu msanga. Yambani kudya zosachedwa kufota, bonongwe ndi nkhwani Loweruka ndi Lamulungu, therere pakati pa sabata, kabichi ndi karoti zidikire.

Nkhwani zikachuluka ngati za mayi aja, futsani. Sadzulani, duladulani, wiritsani pang'ono chabe, yanikani pa mphasa yoyera mpaka ziume gwa, kenako sungani pouma. Agogo ankamanga mfutso m'zikwatu za masamba a msuku n'kupachika kudenga la khitchini, lero ndowa yotseka bwino ikukwana. Mayi aja anapita ndi nkhwani zawo akung'ung'udzabe pang'ono, koma Lolemba ananditumizira chithunzi cha mphasa itadzadza pabwalo pawo, pansi pake atalemba kuti "alangizi, tomato wanga wa Juni musaiwale."